Mayina akuduka, akubwerezabwereza kapena akusowa mu GROUP_CONCAT: poyambira kufufuza

Gulu la alimi kuno ku Dedza likangosiya kaundula wa m'buku n'kuyamba kusunga zinthu pa kompyuta, akomiti sachedwa kupempha pepala lina lake: kalabu iliyonse pa mzere umodzi, mayina a mamembala ake onse pambali. Mu database, pulogalamu yosunga kaundulayo, dzina lililonse limakhala pa mzere wakewake, choncho pamafunika kuwasonkhanitsa kuti akhale mndandanda umodzi. Pa ntchitoyi ma database a MySQL, MariaDB ndi SQLite amagwiritsa ntchito lamulo la GROUP_CONCAT. PostgreSQL ndi SQL Server ali ndi STRING_AGG, Oracle ali ndi LISTAGG.

Kulemba kwake n'kosavuta. Choopsa n'chakuti ikalakwitsa, nthawi zambiri imangokhala chete. Lipoti limatuluka looneka bwino, limasindikizidwa, limapita kumsonkhano, ndipo vuto limadziwika mayi wina ataimirira kufunsa kuti dzina lawo lapita kuti pomwe ndalama za mbewu ya mbatatesi anapereka. Mafunso amene amandipeza pa nkhaniyi ndi omwewomwewo chaka ndi chaka, n'chifukwa chake ndawaika pamodzi pano. Zitsanzo ndi za MySQL, popeza ndi imene ambiri tili nayo. Pamene ma database ena akusiyana ndanenapo.

## Musanagwire chilichonse

Lembani `SELECT VERSION();` kuti mudziwe chimene muli nacho. Pa SQL Server ndi `SELECT @@VERSION;`. Ambiri amati ali ndi MySQL pomwe ndi MariaDB, ndipo kusiyanako kuli ndi ntchito, monga muonere pansipa.

Kenako ikani COUNT pambali pa mndandanda wanu, ndipo ikhalepo mpaka kalekale:

```
SELECT k.dzina,
       COUNT(m.id) AS onse,
       GROUP_CONCAT(m.dzina ORDER BY m.dzina SEPARATOR ', ') AS mayina
FROM makalabu k
LEFT JOIN mamembala m ON m.kalabu_id = k.id
GROUP BY k.id, k.dzina;
```

Ngati `onse` akuti 64 koma mukawerenga mayina mukupeza 51, mwadziwa kale kuti pali vuto musanapite kokasindikiza.

## Mndandanda ukuthera panjira

Dzina lomaliza laduka pakati, kapena mayina oyamba ndi zilembo zakumapeto, monga T, Y ndi Z, palibe.

1. Malire a `group_concat_max_len`. Ili ndiye gwero nthawi zambiri. MySQL imabwera ndi malire a ma byte 1024 (pafupifupi zilembo 1024), ndipo zopitirira pamenepo imangodula. Tiyerekeze kuti dzina la munthu ndi la bambo ake pamodzi zili ndi zilembo 18. Kuphatikiza `, ` zikhala 20, ndiye kuti mayina okwanamo ndi 51 okha. Kalabu ya anthu 25 imatuluka bwinobwino, n'chifukwa chake vutoli limabisala miyezi yambiri. Limadzaonekera tsiku limene mwafuna mndandanda wa dera lonse la Bembeke, kapena mwawonjezera nambala ya foni pa dzina lililonse.

Fufuzani motere:

- Query (funso limene mwalembera database) ikangotha, lembani `SHOW WARNINGS;`. Mukaona nambala 1260 ndi mawu oti `was cut by GROUP_CONCAT()`, mwalipeza.
- Kutani GROUP_CONCAT yonse ndi `LENGTH`. Yankho likakhala 1024 kapena kuperewera pang'ono chabe, ndi zomwezo.
- `SHOW VARIABLES LIKE 'group_concat_max_len';` ikuuzani malire amene alipo panopa.

Kukonza kwake ndi `SET SESSION group_concat_max_len = 1000000;` query isanayambe. Pamenepa mpamene ambiri amakonza lero, mawa vuto n'kubweranso. `SET SESSION` imagwira pa kulumikizana kumeneko kokha. Tsamba la PHP limalumikizana mwatsopano nthawi iliyonse likatsegulidwa, choncho mzerewu uyenera kukhala mu pulogalamu momwemo, pamwamba pa query. Mu phpMyAdmin, tsamba lolemberapo ma query a MySQL, lembani ziwirizo m'bokosi limodzi n'kuziyendetsa pamodzi.

`SET GLOBAL` imathandiza onse olumikizana pambuyo pake, koma imaiwalika seva ikazima. Kwa ife amene seva yathu ndi kompyuta ya pa ofesi, magetsi akangothima malire amabwerera pa 1024 popanda wodziwa. Ngati mndandanda unkatuluka wathunthu sabata yatha koma lero waduka pomwe palibe wagwirapo, funsani kaye ngati kompyutayo inazimapo. Chokhalitsa ndi kulemba `group_concat_max_len = 1000000` pansi pa `[mysqld]` mu `my.ini` kapena `my.cnf` n'kuyatsanso MySQL. Pa MySQL 8.0 mukhoza kugwiritsa ntchito `SET PERSIST`, imene imakumbukika ngakhale seva itazima. Dziwaninso kuti `max_allowed_packet` ndi denga lina pamwamba pa zonsezi.

2. Pa laputopu zikuyenda, pa seva zikuduka. XAMPP, pulogalamu yoyesera seva pa laputopu, imabwera ndi MariaDB, ndipo kuyambira 10.2.4 malire a MariaDB ndi 1 MB. Mumayesa kunyumba zonse zili bwino, mukakweza pa seva ya MySQL zimaduka pa 1024. Query ilibe mlandu. Yerekezani ma `VERSION` awiriwo.

3. Mwasunga mndandanda m'kolamu yaing'ono. Ngati zotsatira zikulowa mu `VARCHAR(255)`, MySQL imakana ndi nambala 1406 kapena imadula, malinga ndi mmene `sql_mode` inakhazikitsidwira. Mukhoza kusintha kolamuyo kukhala `TEXT`, koma ine ndingakonde kuti musausunge n'komwe. Membala mmodzi akasamukira ku Lilongwe, mndandanda wosungidwawo wasanduka bodza. Upangeni mwatsopano nthawi iliyonse ukafunika.

4. Sunaduke, mukungouona pang'ono. phpMyAdmin imaonetsa zilembo 50 zoyambirira pokhapokha mutasankha Full texts. SQL Server Management Studio imalekeza pa zilembo 256 mukasankha Results to Text. Bokosi limodzi la Excel silipitirira zilembo 32,767. `LENGTH` ikati mndandanda ndi wautali kuposa umene mukuona, database ilibe vuto.

SQL Server ndi Oracle pamenepa ndi abwinoko, chifukwa amakana poyera. STRING_AGG ya SQL Server ikapitirira ma byte 8000 imapereka nambala 9829. Lembani `STRING_AGG(CAST(dzina AS NVARCHAR(MAX)), ', ')`. Oracle imapereka ORA-01489. Kuyambira 12.2 ili ndi `ON OVERFLOW TRUNCATE`, koma kumeneko n'kuvomera kuti mayina aduke, ndipo pa mndandanda wa anthu olandira katundu sindingakulimbikitseni.

## Chinthu chimodzi chikutuluka kangapo

1. Mwalumikiza matebulo awiri amene onse ali ndi mizere yambiri pa munthu mmodzi. Membala watenga ngongole ziwiri, ya feteleza ndi ya mbewu, ndipo wabweza katatu. Mukalumikiza `mamembala`, `ngongole` ndi `zobweza` mu query imodzi, database imakwatitsa ngongole iliyonse ndi kubweza kulikonse. Mizere imakhala 6: ngongole iliyonse imaoneka katatu, kubweza kulikonse kawiri.

Kuti muone ndi maso, chotsani GROUP_CONCAT ndi GROUP BY, musankhe membala mmodzi yekha ndi WHERE, muwerenge mizere imene yatuluka.

Apa anthu amathamangira DISTINCT, lamulo lochotsa zobwereza, ndipo pa sikirini zimaonekadi kuti zatheka. Kumeneko kuli ngati kuika mbatatesi zikuluzikulu pamwamba pa ndowa, zowola zili pansi. Mizere 6 ija ikadalipo. Ngati mu query yomweyo muli SUM, munthu amene wabweza K60,000 akuoneka kuti wabweza K120,000. Komanso DISTINCT imachotsa ngakhale zobwereza zoona: bambo amene anabweza K20,000 mu Meyi ndi K20,000 ina mu Juni atsala ndi K20,000 imodzi pa lipoti, ndipo adzabwera ndi malisiti awiri m'manja.

Njira yoyenera ndi kusonkhanitsa tebulo lililonse palokha, kenako n'kulumikiza:

```
SELECT m.id, m.dzina, n.zotenga, z.zolipira
FROM mamembala m
LEFT JOIN (SELECT membala_id,
             GROUP_CONCAT(ndalama ORDER BY tsiku SEPARATOR ', ') AS zotenga
           FROM ngongole GROUP BY membala_id) n ON n.membala_id = m.id
LEFT JOIN (SELECT membala_id,
             GROUP_CONCAT(ndalama ORDER BY tsiku SEPARATOR ', ') AS zolipira
           FROM zobweza GROUP BY membala_id) z ON z.membala_id = m.id;
```

Ndi yaitali, koma membala aliyense amakhala ndi mzere umodzi basi, ndipo ndalama sizichulukitsidwa.

2. Munthu analembedwa kawiri mu kaundula. Kalaliki wina analemba dzina ndi l, wina ndi r, kapena wina anasiya mpata kumapeto. Fufuzani ndi `GROUP BY` pa nambala ya chiphaso kapena ya foni, n'kuwonjezera `HAVING COUNT(*) > 1`. Musafufute mzere musanafunse wapampando wa kalabuyo. M'mudzi umodzi mukhoza kukhala a Phiri awiri a dzina limodzi, ndipo foni imodzi amagwiritsa ntchito banja lonse.

3. GROUP BY ili pa dzina m'malo mwa id. Makalabu awiri a dzina lofanana, ina ya ku Linthipe ina ya ku Lobi, amasanduka kalabu imodzi yaikulu. Gwiritsani ntchito id nthawi zonse.

DISTINCT ili ndi malo ake, mwachitsanzo pofuna kudziwa mitundu ya mbewu zimene kalabu imalima, pamene kabichi kutuluka kakhumi kulibe phindu. STRING_AGG ya SQL Server siilandira DISTINCT, choncho chotsani zobwereza mu query yamkati. LISTAGG ya Oracle inayamba kuilandira pa 19c.

## Ena akusowa koma mndandanda sunaduke

1. NULL (bokosi limene simunalembedwe kanthu) yameza munthu yense. GROUP_CONCAT imalumpha NULL mwakachetechete. Mu MySQL, `CONCAT(dzina, ' ', foni)` imabweza NULL ngati chimodzi mwa izo ndi NULL. Ndiye kuti membala wopanda foni satuluka ndi dzina lokha: amasoweratu. Izi zimandiwawa kwambiri, chifukwa opanda foni kawirikawiri ndi agogo, omwenso sangabwere ku ofesi kudzafunsa. Lembani `CONCAT_WS(' ', dzina, foni)`, imene imalumpha chosowacho n'kusiya dzina, kapena `COALESCE(foni, 'alibe foni')`. Chizindikiro cha `||` mu PostgreSQL ndi SQLite, komanso `+` mu SQL Server, zimameza munthu mofananamo.

2. DISTINCT pa mayina. Anthu awiri a dzina limodzi asanduka mmodzi. Ichotseni, kapena phatikizani dzina ndi nambala ya umembala.

3. Kalabu yonse palibe. JOIN wamba imasiya kalabu imene ilibe membala wolembedwa. Ikani LEFT JOIN. Ngati munaika kale koma kalabuyo sikutulukabe, yang'anani WHERE: mfundo ngati `WHERE m.chaka = 2024` imachotsanso mizere yopanda membala. Isamutsireni pa `ON`. Ndi LEFT JOIN werengani ndi `COUNT(m.id)`, chifukwa `COUNT(*)` imati 1 ngakhale kalabu ilibe munthu.

4. Zonse zatuluka pa mzere umodzi. Mwaiwala GROUP BY.

## Ndondomeko yasokonekera

ORDER BY ya kumapeto kwa query imasanja mizere ya lipoti, siikhudza za m'kati mwa mndandanda. Iyenera kulowa m'kati, ndipo database iliyonse ili ndi malo ake:

- MySQL ndi MariaDB: `GROUP_CONCAT(dzina ORDER BY dzina SEPARATOR ', ')`
- PostgreSQL: `string_agg(dzina, ', ' ORDER BY dzina)`
- SQL Server: `STRING_AGG(dzina, ', ') WITHIN GROUP (ORDER BY dzina)`
- SQLite: inayamba kulola ORDER BY m'kati pa 3.44.0, mu Novembala 2023. Mapulogalamu a pa foni zakale za Android akhoza kukhala ndi SQLite yakale kuposa imeneyo. Zikatero sanjani mayina mu pulogalamu momwemo.

Mukapanda kulemba ORDER BY, mayina akhoza kutuluka mwadongosolo lero n'kusintha mawa. Palibe chawonongeka, kungoti database sinalonjezepo dongosolo lililonse.

Nambala zikamatuluka 1, 10, 11, 2, ndiye kuti kolamuyo ndi ya zilembo. Sanjani ndi `CAST(nambala AS UNSIGNED)`. Miyezi yolembedwa ndi mayina imayamba ndi Disembala ndi Epulo, choncho sanjani ndi tsiku lenileni.

## Database ikukana query

- MySQL ikuti `STRING_AGG does not exist`: mwakopera chitsanzo cha database ina.
- MySQL ikukana GROUP_CONCAT yeniyeniyo: onani ngati mwasiya mpata pakati pa dzinali ndi `(`. Uchotseni.
- Nambala 1055 kapena 1140: kuyambira 5.7.5 MySQL imabwera ndi `ONLY_FULL_GROUP_BY`. Mwasankha kolamu imene mulibe mu GROUP BY. Iwonjezereni. Musazimitse lamuloli, ngakhale ena amalangiza choncho, chifukwa mukatero database imangotola mtengo wa mzere uliwonse umene yaupeza.
- SQL Server ikuti `not a recognized built-in function name`: STRING_AGG inayamba pa SQL Server 2017. Pa zakale gwiritsani ntchito `STUFF` ndi `FOR XML PATH`.
- PostgreSQL ikuti `function string_agg(integer, unknown) does not exist`: imafuna zilembo. Lembani `id::text`.
- SQLite ikuti `DISTINCT aggregates must have exactly one argument`: siilola DISTINCT pamodzi ndi chopatulira chanu. Chotsani zobwereza mu query yamkati.

## Zizindikiro zachilendo mu mndandanda

Mpatuliro wowonjezera pakati pa mayina. Mu SQLite chopatulira chimalembedwa chonchi: `group_concat(dzina, ', ')`. Mukalemba zomwezo mu MySQL siikana. Imamata `, ` pa dzina lililonse n'kuikaponso mpatuliro wake, mumapeza `kabichi, ,nyemba, ,tomato, `. Mu MySQL mawu oti SEPARATOR ndi ofunika.

Malaŵi watuluka `MalaÅµi` kapena `Mala?i`. Chilembo cha ŵ mulibe mu latin1. Mukaona `Åµ`, data ikhoza kukhala yabwino koma ikuwerengedwa molakwika: onetsetsani kuti kulumikizana kwa pulogalamu ndi tsamba lenilenilo zonse zili pa utf8mb4 ndi UTF-8. Mukaona `?` mu tebulo momwemo, chilembocho chinatayika polowetsa ndipo muyenera kulembanso pamanja. Pa SQL Server gwiritsani ntchito NVARCHAR. Ngati mndandandawo ukupita pa SMS, dziwani kuti ŵ mmodzi yekha amatsitsa uthenga umodzi kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70, ndipo mayunitsi amatha msanga.

`&` m'malo mwa `&`. Ndi khalidwe la `FOR XML PATH`. Malizani ndi `, TYPE).value('.', 'NVARCHAR(MAX)')`.

`[BLOB]` m'malo mwa mawu. Kolamu ina ndi ya binary, kapena MySQL ndi yakale kwambiri ndipo mukulumikiza nambala. Ikuteni ndi `CAST(... AS CHAR)`.

Excel yasakaniza makolamu. Fayilo ya CSV imapatula makolamu ndi mpatuliro, ndipo GROUP_CONCAT nayo imaika mpatuliro mukapanda kuiuza china. Mndandanda ukapanda kukutidwa bwino umamwazikira m'makolamu ena. Ma id awiri, 12 ndi 345, amatuluka `12,345`, ndipo Excel amawerenga ngati nambala imodzi. Nambala ya foni ikakhala yokha m'bokosi, Excel amadya 0 woyamba wa 088 kapena 099. N'chifukwa chake zitsanzo zonse pano zili ndi `, `. Potsegula fayiloyo, ilowetseni kudzera pa Data n'kunena kuti kolamuyo ndi Text.

## Mwabweza mndandanda mu query ina, koma mukutuluka munthu mmodzi

Uku ndi kugwiritsa ntchito GROUP_CONCAT pa ntchito imene si yake. Munthu amapanga `'3,7,12'` kenako n'kulemba `WHERE id IN ('3,7,12')`. Kwa MySQL chimenecho ndi chinthu chimodzi, osati zitatu. Imachisandutsa nambala, imatenga 3, zinazo n'kutaya, ndipo imangosiya chenjezo la 1292 limene palibe amaliwerenga. `FIND_IN_SET` imagwira, koma siigwiritsa ntchito index, imene imafulumizitsa kufufuza, ndipo imalephera mukaika mpata pambuyo pa mpatuliro.

Mukamata mayina kapena mawu mu query mwanjira imeneyi, pali chinanso cha ife eni Chichewa: kachizindikiro ka mu ng'ombe ndi m'mudzi ndi komwe SQL imatsekera mawu. Mndandanda wa ziweto ukafika pa ng'ombe, query imasweka, ndipo khomo lomwelo ndi limene munthu woipa angalowerepo kuwononga data.

Mndandanda wolumikiza ndi wa maso a munthu: lipoti, pepala la kumsonkhano, uthenga. Ngati wolandira ndi query ina, gwiritsani ntchito JOIN kapena `IN (SELECT ...)`. Ngati ndi pulogalamu, itumizireni mizere, kapena `JSON_ARRAYAGG`, imene MySQL ili nayo kuyambira 5.7.22.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

- Ndalama za pa lipoti sizikugwirizana ndi buku la msungichuma, ndipo simukudziwa ngati vuto ndi query kapena data. Musasinthe mzere uliwonse.
- Mndandanda woduka unagwiritsidwa kale ntchito pa UPDATE kapena DELETE. Imitsani kulowetsa zatsopano mpaka papezeke backup yoyerekezera.
- Zilembo zinawonongeka mu tebulo momwemo. `ALTER TABLE ... CONVERT TO CHARACTER SET` yolakwika ikhoza kuwononga kawiri. Isayendetsedwe popanda backup imene mwayesa kuibwezeretsa pa kompyuta ina.
- Seva si yanu kapena mukugawana ndi ena. `SET GLOBAL` ndi `my.cnf` ndi za mwini seva. Inu lekezani pa `SET SESSION`.
- Query ikamayenda, kompyuta yonse ikuima ndipo anzanu akulephera kugwira ntchito.

Ngati mndandanda wolakwika unapita kale kokagawira feteleza kapena mbewu, uzani akomiti tsiku lomwelo, musadikire katswiri. Kukonza query sikubwezera munthu thumba limene sanalandire, ndipo mvula ikagwa nthawi yokonzera imakhala yochepa.

Katswiri mutumizireni zinthu zinayi: yankho la `SELECT VERSION();`, query yonse mmene ilili, uthenga wokana wokopera ndendende ndi nambala yake, ndi `SHOW CREATE TABLE` ya matebulo okhudzidwa. Izi zimaonetsa kapangidwe popanda kuulula za anthu. Musajambule sikirini yodzaza mayina, mafoni ndi nambala za ziphaso n'kuponya pa gulu la WhatsApp. Akafuna chitsanzo cha data, mpangireni mizere isanu ya mayina ongopeka imene ikuonetsa vuto lomwelo.